George W. Julian: ankamenyera alimi nkhondo, nanga bwanji ku New Mexico samukumbuka bwino?

NaPhiri_Irvington:

Moni nonse. Ndimakhala ku Irvington, kum'mawa kwa mzinda wa Indianapolis. Kuno dzina la George W. Julian lili pa sukulu ina ya pulayimale, ndipo nyumba yake yakale ikadalipo. Mwana wanga wamkazi wapatsidwa ntchito kusukulu yolemba mbiri ya munthu wina wotchuka wa m'dera lino, ndiye wasankha ameneyu. Zimene tapeza n'zabwino zokhazokha: anali loya, anakhala phungu ku Congress, ankadana ndi ukapolo, komanso ankalimbikira kuti malo a boma azipita kwa alimi osauka osati kwa makampani.

Koma mnzanga wa kuntchito, amene makolo ake ndi a kumpoto kwa New Mexico, nditangotchula dzinali anapukusa mutu. Akuti munthu ameneyu ndi mmodzi mwa amene anachititsa kuti midzi ya kwawo ilandidwe malo odyetsera ziweto. Kodi ndi munthu mmodzi yemweyu? Zingatheke bwanji kuti munthu amene ankathamangitsa akuba malo akhalenso wolanditsa anthu malo? Sindikufuna mwana akalembe zongotamanda ngati nkhaniyi ili ndi mbali ina. Odziwa ndithandizeni.

Chisale_Albuquerque:

Achemwali, ndi munthu mmodzi yemweyo, ndipo mnzanuyo sananame. Ntchito yanga kuno ku New Mexico ndi yoyeza malo, ndiye mapepala akale a ofesi imene Julian ankatsogolera ndimakumana nawo ndikamafufuza malire. Ndiyankha motalikirapo.

Julian anabadwa pa 5 May 1817 pafupi ndi Centerville ku Indiana, m'banja la mpingo wa Quaker. Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka 6, anakula movutikira, anaphunzitsako sukulu, n'kuphunzira malamulo mpaka kukhala loya mu 1840. Ku Congress analowa koyamba mu 1849 kudzera m'chipani cha Free Soil, kenako anabwererako mu 1861 ngati wa Republican n'kukhala mpaka 1871. Pa zaka zimenezi, zambiri anali wapampando wa komiti yoona za malo a boma.

Munthuyu anali ndi chikhulupiriro chimodzi pa nkhani ya malo, ndipo sanachisinthepo mpaka kufa. Kwa iye dziko labwino ndi lija limene banja lililonse lili ndi munda wakewake, waung'ono, woti liulime ndi manja ake, mapepala a umwini ali m'dzina la mwini nyumba. Ankaona kuti ukapolo ndi kukundika malo n'zapachibale: munthu mmodzi akakhala ndi maekala masauzande, ena onse amasanduka antchito ake. N'chifukwa chake mu 1851 analankhula ku Congress mochirikiza bilu yopereka malo aulere kwa alimi, ndipo lamulo la Homestead la 1862 litabwera analiteteza ndi mtima wonse. Lamulo lija limati munthu atenge maekala 160, amangepo nyumba, alime zaka 5, malo akhale ake. Analimbananso ndi mchitidwe wopatsa makampani a njanji malo aulere, amene onse pamodzi anaposa maekala 100 miliyoni.

Tsopano mutengeni munthu wa maganizo amenewa, ali ndi zaka 68, mumuike ku Santa Fe, likulu la New Mexico. Ndi zimene anachita Pulezidenti Grover Cleveland mu 1885 pomusankha kukhala mkulu wa oyeza malo ku New Mexico.

Zimene anakapeza zinali zonyansa ndithu. Dera lino linali la Spain, kenako la Mexico, ndipo America italitenga pa nkhondo inalonjeza m'pangano la Guadalupe Hidalgo la 1848 kuti idzalemekeza malo a anthu amene anawapeza. Mu 1854 anakhazikitsa ofesi ya woyeza malo wamkulu kuti azimva madandaulo n'kumalangiza Congress. Ofesiyo inali ndi antchito ochepa, mapepala anali m'Chisipanishi, ndipo malire akale sankalembedwa ndi manambala. Chikalata chinkangoti kumpoto malire ndi phiri lakuti, kum'mawa ndi mtsinje wakuti, kum'mwera ndi njira yopita kwakuti. Ife a ntchito imeneyi tikudziwa chimene chimachitika: mapiri a dzina lofanana akakhala awiri, wakuba amasankha lakutali.

Chitsanzo chachikulu ndi malo a Maxwell. Boma la Mexico linawapereka mu 1841 kwa anthu awiri, Carlos Beaubien ndi Guadalupe Miranda. Lamulo la Mexico silinkalola munthu mmodzi kulandira malo oposa maekala pafupifupi 48,000, ndiye awiriwo anayenera kukhala ndi pafupifupi 97,000, ndipo nduna ina ya boma la America inagamula chomwecho mu 1869. Koma malo atayezedwa mu 1877 anatuluka maekala oposa 1.7 miliyoni, mpaka kulowa mu Colorado. Mmodzi mwa oyezawo anali John T. Elkins, m'bale wake wa Stephen B. Elkins, loya amene anali m'kati mwa zochitika za kampani ya Maxwell. Stephen Elkins ndi mnzake Thomas B. Catron ndi amene ankadziwika kuti ndi atsogoleri a gulu lotchedwa Santa Fe Ring, maloya, oweruza ndi andale ogwirizana pa kudyerana malo. Loya ankateteza mudzi kukhoti, ndipo poti anthu analibe ndalama, malipiro ake ankakhala gawo la malo omwewo. Catron anafika pokhala mmodzi mwa anthu a malo ambiri mu America yense. Ngakhale Henry M. Atkinson, amene anakhala pa mpando wa woyeza malo wamkulu Julian asanabwere, ankachita bizinesi ya malo ndi ng'ombe limodzi ndi Catron.

Julian sanawaope. Anafukula milandu imene anzake a m'mbuyo anali atavomereza kale, n'kulangiza kuti ina ikanidwe, ina ichepetsedwe. Mu 1887 analemba nkhani m'magazini ya North American Review yonena za kuba malo ku New Mexico, akutchula anthu maina. Stephen W. Dorsey, amene anakhalapo seneta wa Arkansas ndipo anali ndi malo aakulu oweterapo ng'ombe kuno, anamuyankha mokwiya m'magazini yomweyo. Mpaka apa ine ndimamuvulira chipewa.

Vuto ndi lakuti si malo onse aakulu amene anali akuba. Panali mitundu iwiri. Ena anaperekedwa kwa munthu mmodzi kapena awiri, ngati a Maxwell aja. Ena anaperekedwa kwa mudzi wonse. Pa malo a mudzi, banja lililonse linkalandira poti limange nyumba ndi kamunda kopyapyala kotalika, kogunda ku ngalande yamthirira kuti aliyense apeze madzi. Timinda timeneti mukakwera phiri mumationa mpaka lero, tandandalika m'mbali mwa mtsinje. Kunja kwa timindato kunali malo a onse: mapiri, nkhalango, msipu, kumene aliyense ankadyetsa nkhosa, kutema nkhuni ndi mitengo yomangira, kusaka nyama. Ndi ngati dambo ndi thengo la mudzi kwathu, loti palibe anganene kuti ndi langa ndekha koma aliyense akudziwa kuti ndi la mudzi uno osati wa kutsidya. Popereka malowo mkulu wa boma ankawagwira dzanja anthuwo n'kuyenda nawo m'malire, iwo akuzula udzu, akuponya miyala kumbali zonse, akufuula kuti mfumu ikhale ndi moyo wautali. Zimenezi zinkalembedwa m'chikalata ngati umboni wakuti malo alandiridwa.

Julian ataona mudzi wa mabanja ochepa ukunena kuti uli ndi maekala masauzande mazanamazana, m'maso mwake zinafanana ndi za Maxwell. Ndiye anayamba kulimbikitsa mfundo yakuti anthu a m'midzi umwini wawo ndi wa timinda tawo ndi nyumba zawo basi, pamene malo a onse aja anali a boma la Spain ndi Mexico, choncho anasanduka a boma la America, oti atsegulidwire alimi atsopano a maekala 160. Mfundo imeneyi anaigwiritsa ntchito pa malo a Las Vegas ya ku New Mexico, amene anaperekedwa mu 1835.

Iye anachoka pa udindo mu 1889, koma mfundoyo inatsala. Mu 1891 Congress inakhazikitsa khoti lapadera la milandu ya malo amenewa, ndipo maloya a boma anaitenga. Mu 1897, pa mlandu wa United States v. Sandoval, khoti lalikulu la America linaivomereza. Mlanduwo unali wa malo a San Miguel del Bado m'mbali mwa mtsinje wa Pecos, operekedwa mu 1794. Anali maekala oposa 315,000. Anthu anatsala ndi pafupifupi 5,000. Kamunda ka mthirira popanda msipu, kudera louma ngati lino, sikangadyetse banja. Ambiri anagulitsa ziweto n'kuyamba kukagwira maganyu ku migodi, ku njanji ndi ku minda ya ku Colorado. Mnzanu uja akamapukusa mutu akukumbuka zimenezi.

Mbewe_SouthBend:

Achimwene a Chisale mwafotokoza bwino, koma ndikuona ngati mwamusenzetsa katundu wolemera kuposa wake. Chigamulo cha 1897 anapereka ndi oweruza a ku Washington, Julian atachoka kalekale, ali nkhalamba kwawo ku Irvington. Iye analibe mphamvu yogamula, ankangolangiza. Ndipo pamene iye ankanena kuti za Maxwell ndi kuba, khoti lalikulu lomwelo mu 1887 linatsimikizira kampaniyo maekala ake onse. Oweruza anakana mawu ake pamene ankapweteka olemera, anawalandira pamene ankapweteka osauka. Mlandu umenewo ndi wa khoti.

Komanso mwana asaiwale zimene munthuyu anachita asanapite ku New Mexico. Mu 1852 anaima ngati wachiwiri kwa John P. Hale pa chisankho cha pulezidenti m'chipani cha Free Soil, nthawi imene kutsutsa ukapolo ku Indiana kunali kudziputira adani. Mu 1864, nkhondo yapachiweniweni ili m'kati, anabweretsa bilu yoti minda ikuluikulu ya oukira boma ilandidwe n'kugawidwa kwa asilikali ndi akapolo omasulidwa. Inadutsa m'nyumba ya aphungu koma inakafera ku Senate. Sanagwe ulesi, mu 1866 anakankha lamulo la Southern Homestead, limene linatsegula maekala pafupifupi 46 miliyoni ku Alabama, Arkansas, Florida, Louisiana ndi Mississippi, ndipo miyezi yoyamba mwayi unali wa anthu akuda omasulidwa ndi azungu amene sanaukire boma. Zoona, lamuloli silinapindule kwenikweni. Malo ambiri anali zithaphwi ndi nkhalango, anthu analibe ng'ombe, makasu kapena chakudya chodikirira zokolola, ndipo linathetsedwa mu 1876. Koma ndi aphungu angati pa nthawiyo amene ankamvetsa kuti munthu womasulidwa wopanda munda abwerera kwa bwana wake wakale kukapempha ntchito?

Mu 1868 anabweretsanso ganizo losintha malamulo oyendetsera dziko kuti ufulu wovota usayang'ane khungu kapena kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Akazi ku America anadzavota dziko lonse mu 1920. Mwana wake Grace Julian Clarke anapitiriza nkhondo imeneyi ku Indiana. Ndipo zandale zake sizinali zapakamwa chabe: mu 1865 Solomon Meredith, mkulu wa asilikali amene ankalimbirana naye mpando, anamukwapula ndi chikoti pa siteshoni ya sitima ku Richmond, Indiana. Ine munthu ameneyu ndimamulemekeza, ndipo sindichita manyazi kunena.

NaPhiri_Irvington:

Zikomo nonse awiri, ndawerengera mwana ndipo wayamba kufunsa mafunso ovuta kuposa anga. Akuti: malo a boma amene ankagawidwa maekala 160 aja, boma linawatenga kuti? Komanso a Chisale, kodi Julian anachita dala, kapena sankadziwa mmene midzi ija inkakhalira?

Gogo_Nankhoma:

Mdzukulu wafunsa funso lenileni. Malowo anali a eni dziko, Amwenye a ku America, amene anachotsedwa ndi nkhondo kapena mapangano okakamiza. Ku Indiana komweko, mu 1838, anthu a mtundu wa Potawatomi anathamangitsidwa wapansi mpaka ku Kansas, ambiri makamaka ana n'kufera m'njira. Julian anali mnyamata wa zaka 21 pamenepo. Mu 1868 panali pangano lofuna kugulitsa malo a mtundu wa Osage ku Kansas, maekala pafupifupi 8 miliyoni, kwa kampani ya njanji pa mtengo wozizira kwambiri. Julian anali mmodzi mwa amene analitsutsa ndipo panganolo linalephereka. Koma chimene ankafuna n'chakuti malowo apite kwa alimi obwera osati kwa kampani. Zoti a Osage akhalebe pamalo pawo sizinali m'mutu mwa aphungu ambiri a nthawi imeneyo, ndipo mu 1870 Congress inakonza zoti asamukire kudera limene lero ndi Oklahoma. Mwana alembe zimenezi, ngakhale ndime imodzi.

Chisale_Albuquerque:

Agogo mwanena zoona, ndipo zikugwirizana ndi funso lachiwiri la achemwali.

A Mbewe, sindikukana kuti chigamulo chinali cha khoti, ndipo zonse mwatchulazo ndikuzivomereza. Palibe paliponse pamene ndinaonapo kuti Julian anadzitengera ngakhale ekala imodzi ku New Mexico, zimene sitinganene za anthu ambiri amene anadutsa mu ofesi imeneyo. Koma mawu a munthu woona mtima amalemera kuposa a wakuba. Catron akanati malo a midzi ndi a boma, aliyense akanafunsa kuti akufuna kudyapo chiyani. Atanena Julian, amene dziko lonse linkamudziwa kuti ndi mdani wa akuba malo, mfundoyo inaoneka yoyera, ndipo maloya a boma anaipeza yokonzeka kale.

Kuti anachita dala, ine sindikhulupirira. Ndimaona kuti anabwera ndi muyeso wa ku Indiana n'kukana kuusiya. Ku Wayne County, kwawo ku Indiana, mvula imagwa yokwanira, maekala 160 amadyetsa banja n'kutsala zogulitsa. Kuno mukachoka m'mbali mwa mtsinje mtunda pang'ono, nthaka ndi youma gwaa, timitengo tating'ono ndi udzu wa apo ndi apo, ng'ombe imodzi imafuna maekala ambirimbiri kuti ikhute chaka chonse. Izi sizinali zobisika. John Wesley Powell anali atalemba kale lipoti ku boma mu 1878 lonena kuti kumadera ouma famu ya ziweto imafunika maekala 2,560, komanso kuti alimi azigwirizana pa madzi ndi msipu. Midzi ya ku New Mexico inali itapeza kale yankho limeneli zaka zambiri m'mbuyomo, ndipo linkagwira ntchito. Julian anakhala ku Santa Fe zaka 4. Midzi imeneyi inali pafupi, ngalande zikuyenda, nkhosa zikukwera kumapiri nthawi yotentha n'kutsika nthawi yozizira. Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu amene anamvetsa bwino kuti kapolo womasulidwa amafunika munda sanathe kuona kuti mlimi wa ku Pecos amafunika phiri.

Anthu ake sanangokhala chete. Chaka chimene Julian ankachoka, 1889, ku San Miguel County kunabuka gulu lotchedwa Las Gorras Blancas, lotsogozedwa ndi Juan José Herrera ndi abale ake. Ankayenda usiku pa akavalo atavala zophimba kumutu zoyera, n'kumadula mipanda ya waya waminga imene olemera anatchinga nayo msipu wa Las Vegas. Malo a Las Vegas pamapeto pake sanapite kwa boma, mapepala ake anaperekedwa kwa tauniyo mu 1903. Midzi ina yambiri sinachite mwayi umenewo. Khoti lapadera lija pomatseka mu 1904 linali litavomereza maekala pafupifupi 2 miliyoni okha mwa oposa 30 miliyoni amene anthu anadandaula ku New Mexico ndi madera oyandikana nawo. Gawo lalikulu la malo a midzi linalowa m'nkhalango za boma za Carson ndi Santa Fe, moti zidzukulu za eni ake zimafunika chilolezo kuti zidyetse ng'ombe kapena kutema nkhuni m'mapiri amene agogo awo anazulamo udzu polandira.

Ndipo mkwiyo wake sunathe. Pa 5 June 1967 Reies López Tijerina, mtsogoleri wa omenyera malo a midzi, ndi anthu ake analowa ndi mfuti m'khoti la ku Tierra Amarilla, anthu awiri a zachitetezo anavulazidwa ndi zipolopolo, boma mpaka linatumiza asilikali ndi akasinja kumapiri. Malo a Tierra Amarilla, pafupifupi maekala 594,000, ndi amene anathera m'manja mwa Catron, ndiye pamenepo mlandu si wa Julian. Ndatchula kuti muone kuti kuno mbali ziwiri zonse, akuba ndi wowathamangitsa, zinasiya midzi ilibe msipu. Mu 2004 ofesi ya Congress yofufuza za kayendetsedwe ka boma inatulutsanso lipoti lalikulu pa nkhani yomweyi, ndipo mabungwe a midzi ya malo amenewa akadakumana mpaka pano kukambirana zoti abwezeredwe.

Mwana ngati akufuna kanthu kena kosangalatsa aphunzitsi, nayi. Mu 1868 Julian anali m'komiti imene inalemba milandu yofuna kuchotsa Pulezidenti Andrew Johnson pa mpando. Seneta Edmund G. Ross wa ku Kansas anali mmodzi mwa a Republican ochepa amene anavota kuti Johnson asachotsedwe, ndipo Johnson anapulumuka ndi voti imodzi. Mu 1885 Cleveland anatumiza onse awiri ku Santa Fe, Ross ngati bwanamkubwa, Julian ngati woyeza malo wamkulu, ndipo kumeneko anali mbali imodzi polimbana ndi Santa Fe Ring.

Julian anamwalira pa 7 July 1899 ku Irvington ndipo anaikidwa ku manda a Crown Hill, kufupi ndi kwanuko. Achemwali, ngati mnzanu wa kuntchito angalole, mwana akacheze naye amufunse dzina la mudzi wa makolo ake. Mukandiuza dzinalo ndikuyang'anirani kuti malo awo anapempha maekala angati ndipo anapatsidwa angati.